Mafunso ndi mayankho: Mmene madokotala amasiyanitsira matenda a maganizo

Amene anakhalapo gadiyani wa wodwala maganizo amalidziwa funso limene limabwera mukangotuluka m'chipinda cha dokotala, kabuku ka kuchipatala kali m'manja: kodi chimene alemba apachi n'chiyani? M'munsimu muli mafunso amene achibale, ophunzira za unamwino ndi odwala eni ake amakonda kufunsa.

Kwathu timangoti munthu wachita misala. Mayina ambirimbiri a kuchipatalawa ndi antchito yanji?

Taganizani za anthu atatu amene afika pa chipatala cha boma tsiku limodzi, onse achibale awo akunena kuti mutu wasokonekera. Woyamba ndi mnyamata amene kwa miyezi isanu ndi itatu wakhala akudzitsekera m'nyumba, sasamba, ndipo akuti a pa wailesi akumanena za iyeyo. Wachiwiri ndi mayi amene watha masiku khumi osagona, akuimba usiku wonse, katundu wa m'golosale yake wagawira anthu odutsa, pomwe chaka chatha anakhala miyezi itatu ali ndwii, osafuna n'kudzuka komwe. Wachitatu ndi agogo amene dzulo anali bwinobwino, lero sakuzindikira ana awo, akutolatola zinthu zosaoneka pa bulangete, thupi lili moto.

Pamudzi onsewa apatsidwa dzina limodzi, koma sakudwala chinthu chimodzi. Mnyamatayo mwina ali ndi schizophrenia, ndipo adzafunika mankhwala kwa nthawi yaitali. Mayiyo akuoneka ngati ali ndi bipolar, matenda amene munthu amakwera kwambiri kenako n'kugwa kwambiri. Agogowo ali ndi delirium, kusokonezeka kumene kumabwera ndi matenda a m'thupi monga malungo, chibayo kapena matenda oumitsa khosi. Mukawanyamula agogowo kupita nawo ku chipatala cha odwala maganizo ku Zomba m'malo mowagoneka ku wodi kuti ayezedwe magazi, mukhoza kuwataya panjira. Dzina ndilo limanena mankhwala oyenera, nthawi yomwera, zoti banja liyembekezere, komanso ngati nkhaniyo ndi yofunika kuthamanga nayo lero lomwe.

Ndani amene amasankha mayinawo?

Pali mabuku awiri akuluakulu. Loyamba ndi ICD, la bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO. Limeneli lili ndi matenda onse, kuyambira kolera mpaka kuthyoka mwendo, ndipo matenda a maganizo ali ndi mutu wawo m'menemo. M'buku la ICD-10 anali ndi manambala oyamba ndi F: schizophrenia inali F20, bipolar F31, kuvutika maganizo F32. Lotsatira lake, ICD-11, linavomerezedwa mu 2019 n'kuyamba kugwira ntchito pa 1 January 2022, ngakhale kuti mayiko akusinthira kumeneko pang'onopang'ono.

Lachiwiri ndi DSM, la bungwe la madokotala a matenda a maganizo ku America, American Psychiatric Association. Linatuluka koyamba mu 1952 lili kabuku kopyapyala kokhala ndi matenda opitirira pang'ono 100. Pofika 1994 mayina anali atayandikira 300. Limene likugwira ntchito panopa ndi DSM-5, la 2013, lomwe linakonzedwanso mu 2022. DSM ndi lotchuka chifukwa ofufuza ambiri amaligwiritsa ntchito komanso nkhani za pa intaneti zambiri zimachokera ku America, koma limene mayiko amadalira polemba ziwerengero za matenda ndi ICD.

Mabuku onsewa amalembedwa ndi makomiti. Akatswiri amawerenga kafukufuku, amakangana, ndipo pamapeto pake amagwirizana chimodzi. Chimenechi muchisunge, chifukwa mafunso ambiri a m'munsimu yankho lake lagona pamenepa.

Zimenezi zinayamba liti?

Gwero la kagawidwe ka masiku ano ndi dokotala wa ku Germany, Emil Kraepelin. Iye ankalemba mbiri ya wodwala aliyense pa makadi n'kumatsatira mmene matendawo akuyendera kwa zaka. Mu 1899 anagawa misala ikuluikulu pawiri: ina imene imayamba munthu ali wachinyamata n'kumamufooketsa pang'onopang'ono, ndi ina imene imabwera n'kupita, munthu n'kukhalanso bwino pakatipo. Yoyambayo Eugen Bleuler wa ku Switzerland anadzaitcha schizophrenia mu 1908. Yachiwiriyo ndi kholo la bipolar. Phunziro la Kraepelin, loti usamangoona wodwala mmene alili lero koma uone ulendo wa matenda ake, likadali msana wa ntchito yonseyi.

Komabe kwa zaka zambiri dokotala aliyense ankatchula matenda monga anaphunzirira kwawo. Chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, ofufuza anaonetsa madokotala a ku America ndi a ku Britain makanema a odwala omwewo. A ku New York ankaona schizophrenia mwa odwala amene a ku London ankati ali ndi matenda ena. Zinali zochititsa manyazi. Yankho lake linali DSM-III ya 1980, imene komiti yake ankaitsogolera Robert Spitzer. M'malo molongosola chimene amaganiza kuti chimayambitsa matenda, anangolemba mndandanda: zizindikiro izi, zingati mwa izo, kwa nthawi yaitali bwanji.

Bwanji sayeza magazi kapena kujambula mutu kuti adziwe matendawo?

Chifukwa palibe kuyeza magazi kapena kujambula kumene kungasonyeze kuti uyu ali ndi schizophrenia, uyu bipolar. Akakutengani magazi amakhala akufufuza zinthu zina zimene zingasokoneze mutu: malungo, HIV, chindoko, shuga wotsika kapena wokwera, chithokomiro, chiwindi. Zonsezo zikapezeka kuti zili bwino, chotsala ndi kumva mbiri ndi kuyang'ana wodwalayo.

Nkhani ya chindoko ndi yophunzitsa. Zaka 120 zapitazo, m'zipatala za amisala za ku Ulaya munali anthu ambiri odwala misala ina yodzitama, yotsatana ndi kufa ziwalo kenako imfa. Mu 1913 Hideyo Noguchi anapeza kachilombo ka chindoko mu ubongo wa anthu amene anafa ndi matendawa, ndipo penisilini atabwera matendawo anachepa kwambiri. Umu ndi mmene zimakhalira: gwero la matenda likadziwika bwino, matendawo amasamukira kwa madokotala ena, ndipo a maganizo amatsala ndi amene gwero lake silinamveke.

Akatswiri eni ake amalidziwa vutoli. Mu 2013, DSM-5 ili pafupi kutuluka, Thomas Insel, yemwe ankatsogolera bungwe la boma la America lofufuza za matendawa la NIMH, ananena poyera kuti bukuli limathandiza madokotala kulankhula chimodzi, koma magulu ake sanachokere pa zoyeza za m'thupi. Ananena zoona. Koma njira yabwino yoposa imeneyi, yoti n'kugwira ntchito pa chipatala Lolemba m'mawa, sinapezekebe.

Ndiye dokotala amafika bwanji pa dzina?

Funso loyamba, makamaka m'zipatala zathu, liyenera kukhala lakuti: kodi munthuyu akudwala m'thupi? Kusokonezeka kumene kwayamba mwadzidzidzi, kumene kumakula usiku, wodwala osadziwa kumene ali kapena tsiku la lero, ndi delirium mpaka zitatsimikizika kuti si iyo. Lachiwiri ndi la mowa, chamba ndi mankhwala. Munthu amene wakhala akumwa kachasu tsiku lililonse n'kusiya mwadzidzidzi angayambe kunjenjemera ndi kuona tizilombo pa khoma patapita masiku awiri kapena atatu, ndipo zimenezo zikhoza kupha. Mankhwala ena, monga efavirenz amene amamwa anthu amene ali ndi HIV, nawonso amabweretsa maloto oopsa ndi kusokonezeka mwa anthu ena.

Akadutsa pamenepo ndi pamene amawerenga zizindikiro ndi nthawi. Titenge matenda ovutika maganizo, amene ambiri amangoti dipuleshoni. DSM-5 ili ndi zizindikiro 9: kukhumudwa tsiku lonse, kusasangalala ndi zimene unkazikonda, kusintha kwa kadyedwe, kusintha kwa tulo, kuchita zinthu mwaulesi kapena mosakhazikika moti ena akuona, kutopa, kudziona wopanda pake kapena kudziimba mlandu, kulephera kuika maganizo pa chinthu, ndi kuganiza za imfa. Pafunika zisanu, chimodzi mwa izo chikhale mwa ziwiri zoyambazo, kwa masabata awiri osachepera, ndipo zikhale zikusokoneza ntchito kapena moyo wa pakhomo.

Gawo lomalizali anthu amalidumpha. Kukhala ndi zizindikiro pakokha si matenda. Dokotala amafuna kumva kuti munda wagonera, mwana sakusambitsidwa, kusukulu analeka. N'chifukwa chake gadiyani amene amakhala ndi wodwalayo ndi wofunika kuposa makina alionse m'chipindamo. Wodwala amene wakwera ndi bipolar amakuuzani kuti sanamvepo bwino chonchi chibadwire. Mlongo wake ndi amene anganene kuti njinga anagulitsa Lachiwiri, malata a nyumba Lachinayi.

Magulu akuluakulu ndi ati?

Pali gulu la matenda amene munthu amasiyana ndi zenizeni, kumva mawu amene ena sakumva kapena kukhulupirira kolimba zinthu zimene palibe, ndipo kuchipatala amati psychosis. Schizophrenia ili m'menemo. Pali la kukwera ndi kugwa kwa mtima, momwe muli dipuleshoni ndi bipolar. Pali la nkhawa ndi mantha. Pali la mavuto obwera pambuyo pa zoopsa, monga kugwiriridwa, ngozi, kapena kuona madzi osefukira akukokolola abale ako. Pali la mowa ndi mankhwala ozunguza bongo, la mavuto oyamba paubwana monga autism (vuto limene mwana amavutika kulankhulana ndi kucheza ndi ena) ndi kuchedwa kukhwima nzeru, la kuiwala kwa ukalamba, ndi ena a kadyedwe ndi a khalidwe lokhazikika la munthu.

Kwa namwino wa pa chipatala chaching'ono, mayina mazanamazana alibe phindu. WHO inakhazikitsa ndondomeko ya mhGAP mu 2008, ndipo buku lake la 2010 linasonkhanitsa zonsezi m'magulu ochepa amene wazaumoyo amene si katswiri angawazindikire n'kuyamba chithandizo. M'mayiko ngati athu, momwe akatswiri a matendawa ndi owerengeka, kagawidwe kachidule kameneka ndi kamene kamafika kwa anthu ambiri.

M'kabuku ka m'bale wathu dzina la matenda lasintha katatu. Kodi ena anatinamiza?

Kawirikawiri ayi. Mukatsegula kabukuko mupeza kuti tsiku loyamba analemba psychosis, mwina ndi chizindikiro cha funso kutsogolo kwake, kutanthauza kuti akuganizira chabe. Ndi mmene ziyenera kukhalira, popeza mayina ena amafuna nthawi. ICD imafuna kuti zizindikiro zikhale mwezi umodzi asanalembe schizophrenia, pomwe DSM imafuna miyezi isanu ndi umodzi. Munthu yemweyo, pa mwezi wachitatu, ali ndi dzina lina m'buku ili ndi lina m'buku linalo.

Bipolar ndiyo imazemba kwambiri. Anthu ambiri amayamba ndi kugwa, amalembedwa dipuleshoni, ndipo kukwera kumadzaoneka patapita zaka. Kusiyana kwake si kwa pa pepala pokha. Mankhwala a dipuleshoni monga amitriptyline kapena fluoxetine, akaperekedwa okha kwa munthu wa bipolar, angathe kumukweza. Amene amafunika ndi okhazika mtima monga lithium, carbamazepine kapena sodium valproate, ndipo womalizayu ndi woopsa kwa mwana wosabadwa, choncho mayi amene angatenge pakati ayenera kukambirana ndi dokotala. Ngati m'bale wanu anakhalapo masiku angapo osagona koma ali ndi mphamvu zodabwitsa, nenani, ngakhale zitakhala za kalekale ndiponso ngakhale musanafunsidwe.

Komanso tisabise: madokotala amasiyana maganizo. Poyesa DSM-5 isanatuluke, anapeza kuti madokotala awiri oona wodwala mmodzi ankagwirizana bwino pa matenda ena, koma pa dipuleshoni kugwirizana kwawo kunali kochepa. Pali njira 227 zosiyana zokwaniritsira mndandanda uja wa zizindikiro 9, ndipo anthu awiri angakhale ndi dzina limodzi akufanana pa chizindikiro chimodzi chokha.

Khunyu ndi matenda a maganizo?

Ayi. ICD imaliika m'gulu la matenda a ubongo ndi mitsempha. Chisokonezo chimabwera chifukwa m'zipatala zambiri za kuno odwala khunyu amalandira mankhwala pa kiliniki imodzi ndi odwala maganizo, kwa anamwino omwewo. Khunyu si misala, ndipo silipatsirana kudzera m'thovu la kukamwa.

Akuti zonse ndi chamba. N'zoona?

Chamba chikhoza kuyambitsa psychosis imene imatha munthu akasiya, ndipo chimawonjezera chiopsezo cha schizophrenia, makamaka kwa oyamba kusuta ali aang'ono ndi osuta kwambiri. Mabuku onse awiri ali ndi gulu lapadera la zimenezi. Vuto ndi lakuti mawu akuti chamba amatseka nkhani msanga. Mnyamata akangovomera kuti anasutapo, banja ndi ena a chipatala amaleka kufufuza, n'kumamuona ngati wodzifunira yekha. Ngati wasiya kwa mwezi wathunthu koma mawu akuwamvabe, pafunika kuonanso dzinalo.

Mabukuwa analembedwa ndi azungu. Akutiyenera ife?

Funsoli lili ndi maziko. Malo oyamba osungira odwala misala ku Nyasaland anatsegulidwa mu 1910 ngati mbali ya ndende ya Zomba, ndipo cholinga chinali kutsekera, osati kuchiza. Mu 1953 J. C. Carothers, amene anagwira ntchito pa chipatala cha Mathari ku Nairobi, analembera WHO lipoti lodzaza ndi maganizo atsankho okhudza ubongo wa munthu wakuda, ndipo madokotala ambiri a nthawi imeneyo ankakhulupirira kuti dipuleshoni ndi yosowa pakati pa Aafirika. Anatsutsidwa ndi anthu amene anamvetsera odwala m'chinenero chawo. Margaret Field anapeza ku Ghana kuti amayi ambiri amene ankapita kwa asing'anga kukadziulula kuti ndi mfiti anali ndi dipuleshoni yoopsa. Thomas Adeoye Lambo wa ku Nigeria anayambitsa mu 1954 njira yoti odwala azikhala m'midzi yozungulira chipatala cha Aro pamodzi ndi abale awo, akugwira ntchito ndi asing'anga.

Matendawo alipo kulikonse. Chimene chimasiyana ndi kalankhulidwe kake. Mayi wa ku Dedza sabwera n'kunena kuti ndakhumudwa. Amati mutu ukuwawa, mtima ukuthamanga, m'thupi mukuyenda zinthu, ndikuganiza kwambiri. Amapatsidwa panado ndi mankhwala a malungo ulendo ndi ulendo, chenicheni osachigwira. Anzathu a ku Zimbabwe kuganiza kwambiri kumeneku amati kufungisisa, ndipo DSM-5 inalemba zimenezi pa mndandanda wa njira zimene anthu a zikhalidwe zosiyana amafotokozera kuvutika kwawo. Dokotala wa ku Harare, Dixon Chibanda, anamanga ntchito ya Friendship Bench pa mfundo yomweyi, agogo ophunzitsidwa akumacheza ndi ovutika pa benchi kunja kwa kiliniki. Kuno mafunso oyezera monga SRQ-20 ndi PHQ-9 anamasuliridwa m'Chichewa n'kuyesedwa pa odwala athu.

Maganizo anga ndi akuti mabukuwa amagwira bwino pa matenda aakulu. Schizophrenia ya ku Mchinji ndi ya ku Munich n'zofanana mokwanira moti mankhwala ake ndi amodzi. Pamene amatsimphina ndi pa malire, pomwe pafunika kudziwa chimene anthu a kumeneko amachiona ngati chachilendo.

Nanga munthu amene akuti walodzedwa, kapena wagwidwa ndi mizimu?

Kukhulupirira ufiti pakokha si chizindikiro cha matenda. Mabuku onse awiri amanena kuti chikhulupiriro chimene anthu a m'dera kapena a mpingo wa munthuyo amagawana sichiwerengedwa. Wovina vimbuza ku Rumphi, kapena wolankhula malilime pa mapemphero a usiku, amene mwambo ukatha amabwerera ku ntchito zake, alibe dzina m'buku. ICD-11 ili ndi gulu la kugwidwa ndi mizimu, koma limakhudza pokhapokha zikamachitika munthu asakufuna, kunja kwa mwambo wovomerezeka, ndiponso zikumuwonongera moyo.

Muyeso wabwino ndi achibale omwe. Pamene anthu amene nawonso amakhulupirira ufiti ayamba kunena kuti koma izi zanyanya, mawailesi ndi mafoni onse akuti akumulonda iyeyo, dokotala ayenera kutchera khutu. Mabanja ambiri amayamba kwa sing'anga kapena kwa abusa, ndipo kuwanyoza sikuthandiza. Chovulaza ndi kuchedwa miyezi, kumanga wodwala ndi unyolo, kapena kumuletsa mankhwala.

Kodi mayinawa anagwiritsidwapo ntchito popondereza anthu?

Inde. Mu 1851 dokotala wa ku America, Samuel Cartwright, ananena kuti akapolo othawa ambuye awo ali ndi matenda amene anawatcha drapetomania. Mu Soviet Union otsutsa boma ankatsekeredwa m'zipatala atalembedwa mtundu wina wa schizophrenia umene zizindikiro zake zinali zosaoneka bwino. Kukondana kwa amuna okhaokha kapena akazi okhaokha kunali m'DSM mpaka 1973 ndipo WHO inakuchotsa mu 1990. Kaya wina amaiona bwanji nkhani imeneyo pa chipembedzo kapena pa malamulo, kuchipatala si matenda. Ku Zambia lamulo lachitsamunda lokhala ndi mawu onyoza odwala linalowedwa m'malo ndi lina mu 2019.

Mayina amalowa ndi kutuluka mpaka lero. DSM-5 inachotsa dzina la vuto lina lotchedwa Asperger n'kuliphatikiza mu autism. ICD-11 inalowetsa vuto la kukomedwa ndi magemu a pa kompyuta, ndipo akatswiri ena akutsutsabe.

Chisoni cha maliro nachonso achiika m'buku?

Chisoni chokha ayi. Chimene chinalowa ndi chisoni chosatha, chimene chamumanga munthu moti moyo waima. ICD-11 imati pakhale patadutsa miyezi isanu ndi umodzi osachepera, DSM ya 2022 imati chaka kwa akuluakulu. ICD imawonjezera kuti chisonicho chikhale chopitirira chimene chikhalidwe ndi chipembedzo cha munthuyo chimayembekezera. Kumene namfedwa amavala zakuda mpaka chaka, ndipo mabanja amadikira kumanga chiliza kuti amve kuti maliro atha, kuwerenga miyezi kokha kungasocheretse. Chodetsa nkhawa ndi namfedwa amene sakudya, wasiya kusamala ana, kapena akunena zofuna kutsatira malemuwo. Ameneyo asadikire miyezi isanu ndi umodzi.

Ndawerenga zizindikiro pa intaneti ndipo zikufanana ndi zanga. Ndiye kuti ndikudwala?

Mwina, mwinanso ayi. Aliyense wowerenga mindandanda imeneyi amadzipezamo, popeza kutopa, kusowa tulo ndi kuiwalaiwala n'za munthu aliyense amene ali ndi ngongole. Mindandandayo inalembedwera anthu ophunzitsidwa kufunsa za nthawi, za kukula kwa vuto, ndi za matenda ena ofanana nawo. Tikanema ta pa TikTok tonena kuti ukamachita zakutizakuti ndiye kuti uli ndi ADHD (vuto lolephera kukhazikika ndi kuika maganizo pa chinthu chimodzi) timadumpha zonsezo.

Koma ngati zimene mwawerengazo zakhala masabata angapo ndipo zikukulepheretsani ntchito, sukulu kapena kukhala bwino ndi anthu, pitani mukaonedwe. Yambirani pa chipatala chimene muli nacho pafupi. Zipatala za m'maboma zimakhala ndi anamwino kapena madokotala oona za maganizo, ndipo iwo ndi amene amatumiza ku Zomba Mental Hospital, ku Queen Elizabeth ku Blantyre kapena ku St John of God ku Mzuzu pakafunika kutero. Ku Zambia chipatala chachikulu cha matendawa ndi Chainama Hills ku Lusaka. Tengani makabuku onse akale ndi mankhwala amene mukumwa, ngakhale azitsamba, ndipo ngati n'kotheka pitani ndi munthu amene amakudziwani bwino. Wina akamalankhula zodzipha, wasiya kudya ndi kumwa, kapena wasokonezeka mwadzidzidzi thupi likutentha, musadikire tsiku la kiliniki: pitani naye tsiku lomwelo.